Za Mwana Wacete Wolingalira Mumtima

Mai wina watilembera kalata yodandaula za mwana wace wamwamuna wa zaka 12. Ati mwanayo sadwala, sakuba, ngakhale mwano alibe. Koma salankhula monga anzace. Mwezi ukawala, ana onse a m'mudzi nathamangira kubwalo kukasewera, iye atsala yekha pakhonde. Akamtuma kukadyetsa mbuzi, ampeza atagwada pa culu, alikupenya ciswe m'mene cimangira nyumba yace, mbuzi ziri m'munda wa eni. Akamfunsa kanthu ayamba wakhala duu nthawi yaitali, kufikira wofunsayo atopa namleka. M'mawa mwace ndipo adza nalo yankho. Atate ace amuyesa citsiru. Agogo ace ati ngwonyada. Ndipo tsopano anthu ena ayamba kunong'ona kuti mwana wokonda kukhala yekha cotero, alipo amene alikumphunzitsa za usiku. Mau otsirizawa ndiwo atifulumiza kuyankha, pakuti tidziwa tonse kumene manong'onong'o otere amatsirizira m'mudzi.

Mwana wotere si wacilendo pa dziko lapansi ai. Kale lomwe asing'anga a ku Greece anaona kuti anthu sabadwa ndi mtima umodzi. Hippocrates wa pa cisumbu ca Kos, amene anabadwa zaka ngati 460 asanabadwe Ambuye Yesu, pamodzi ndi ophunzira ace anaphunzitsa kuti m'thupi muli madzi a mitundu inai: mwazi, makhololo, ndulu yacikasu ndi ndulu yakuda. Pambuyo pace Galen wa ku Pergamon, wobadwa m'caka ca 129, anati mkhalidwe wa munthu utsata madzi amene acuruka mwa iye: wa mwazi wambiri ngwansangala, wa ndulu yacikasu ngwaukali, wa makhololo ngwozizira, wa ndulu yakuda ngwacete ndi woganiza-ganiza. Za madzizo asing'anga a makono anazitaya kale, ndipo anacita bwino, popeza ndulu yakuda palibe amene anaipeza m'thupi. Koma maso a akalewo sanalakwe pa cinthu cimodzi: ana a mimba imodzi, oyamwa bere limodzi, atha kusiyana mtima monga zisiyana zala za dzanja.

Amene analongosola bwino za munthu wathu wacete ndiye Carl Gustav Jung, sing'anga wa nthenda za maganizo wa ku Switzerland, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1875 kufikira 1961. M'buku lace la Psychologische Typen, la m'caka ca 1921, anati anthu ena mtima wao upenya kunja, kwa anthu ndi zocitika, nawacha extravert; ena mtima wao upenya m'kati, kwa maganizo a iwo eni, nawacha introvert. Anaonjeza kuti pali njira zinai zimene munthu adziwira zinthu ndi kuziweruza: kulingalira ndi nzeru, kuyesa ndi mtima, kukhudza ndi maso ndi manja, ndi kuzindikira za patsogolo zisanaoneke. Pophatikiza izi anapeza mitundu 8 ya anthu. Mtundu umodzi mwa iyo ndiwo wa munthu wopenya m'kati amene atsogoza kulingalira. Citsanzo cace Jung anachula Immanuel Kant wa ku Königsberg, amene anthu a m'mudzi mwace amati adziwa nthawi pomuona iye alikupita kukaongola miyendo.

Nanga munthu wa mtundu umenewu ali wotani? Cinthu cikamlowa m'mutu sacileka kufikira atapeza muzu wace. Mukamuuza kuti cimanga tibzala motere cifukwa makolo anatero, iye afunsa cifukwa cimene makolowo anaterera. Ndipo safunsa mwa mwano, koma kuti mtima wace sukhazikika pa cinthu cimene sanacimvetse. Pa khamu la anthu atopa msanga, monga wina atopa ndi khasu, ndipo mphamvu zace zibwerera akakhala payekha. Mau ace acedwa cifukwa ayamba wawayesa m'kati, ngati mai wopeta amene sathira ufa m'mphika gaga asanacoke. Abwenzi ace ngowerengeka, koma sawataya. Cikondi ali naco, koma sadziwa kucionetsa. Pa maliro aima ngati mtengo, misozi osaturuka, ndipo anthu amuyesa wouma mtima, pamene usiku wonse sanagone.

Zaka za pambuyo pace akazi awiri a ku America, Katharine Briggs ndi mwana wace Isabel Myers, anatenga maganizo a Jung napanga mafunso oyesera anthu. Nchitoyo inayamba m'zaka za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo buku lace lofotokoza linasindikizidwa m'caka ca 1962. Iwo anagawa anthu m'mitundu 16, uli wonse ndi zilembo zace zinai. Wacete wolingalira uja ambiri a iwo agwa pa zilembo za INTP. Acinyamata ambiri ophunzira akonda kudzichula ndi zilembo zotere, monga ife tichulana ndi mfunda. Sitiwaletsa, koma tiwacenjeza. Akazi awiriwa sanali akatswiri ophunzira za maganizo, ndipo akatswiri apeza kuti anthu ambiri akayesedwa kawiri, patapita masabata owerengeka okha, aturuka ndi zilembo zina. Anthu ocuruka ali pakati-kati, sali mbali iyi kapena iyo kwathunthu. Jung mwini wace ananena m'ukalamba wace kuti munthu wopenya m'kati mokha-mokha, kapena kunja kokha-kokha, kulibe, ndipo akadakhalako akadakhala wamisala.

Tsono imvani za ana awiri otere, ndi cimene anadzakhala.

Woyamba ndiye Thomas Aquinas Woyera, wobadwa ca m'ma 1225 ku Roccasecca m'dziko la Italy. Ali ndi zaka 5 anampereka ku sukulu ya amonke a ku Monte Cassino, ndipo amati kamwanako kanali kubvuta aphunzitsi ace ndi funso limodzi, lakuti Mulungu nciani. M'caka ca 1244 analowa m'cipani ca Adominikani abale ace osafuna. Anamgwira panjira namtsekera kwao ngati caka cathunthu, koma sanamtembenuze. Amene ayesa kuti munthu wacete ngwofewa aganize pamenepa. M'caka ca 1248 anali ku Cologne, kuphunzira kwa Albert Wamkuru. Thomas anali wa thupi lalikuru ndi wosalankhula, kotero kuti anzace anamucha ng'ombe yosalira. Olemba mbiri yace asimba kuti mnzace wina anamcitira cifundo, nadzipereka kumfotokozera phunziro la tsikulo. Atafika pobvuta mnzaceyo anasokonezeka, ndipo Thomas, mwa manyazi, anamlongosolera zonse bwino-bwino, nampempha kuti asauze munthu. Albert ataona zolemba zace anauza ophunzira onse kuti ng'ombe imene alikuiseka idzalira tsiku lina, ndipo dziko lonse lidzamva.

Sanaleke khalidwe lace ngakhale atachuka. Amati tsiku lina anaitanidwa kukadya kwa mfumu Louis IX ya ku France. Anthu alikuceza, iye anaiwala kumene ali, namira m'maganizo. Mwadzidzidzi anamenya gome ndi nkhonya, napfuula kuti wapeza yankho lotsutsa ciphunzitso conama ca a Manichee. Mkuru wace anamkoka mkanjo ndi manyazi. Koma mfumu sinakwiye: inaitana mlembi kuti alembe msanga maganizowo asanathawe. Tiikonda mfumu imeneyi. Ndipo m'buku lace lalikuru la Summa Theologiae muoneka mtima womwe uja wa mwana wofunsa: pa funso liri lonse ayamba wachula mau a otsutsana naye, mwa mphamvu yao yonse, ndipo pambuyo pace ayankha. Anamwalira pa 7 March 1274 ku Fossanova, asanafike zaka 50, bukulo lisanathe.

Waciwiri adzakondweretsa alimi. Gregor Mendel anabadwa m'caka ca 1822, mwana wa mlimi wosauka wa ku Heinzendorf, kumene tsopano kuli dziko la Czech Republic. M'caka ca 1843 analowa m'nyumba ya amonke a Augustino Woyera ku Brno, nadzozedwa unsembe mu 1847. Atamtuma kukayendera odwala, mtima wace sunapirire kuona masautso ao, kufikira iye mwini anagona pa mphasa. Mkuru wa nyumbayo, Cyrill Napp, sanamdzudzule kuti ngwaulesi. Anaona kuti nchito imeneyo si yace, namtumiza kukaphunzitsa ana ku Znaim mu 1849. Mayeso a uphunzitsi anawalephera mu 1850. Anapita ku Vienna kukaphunzira zaka ziwiri, nayesanso mu 1856, nalepheranso, nabwerera kwao wodwala. Munthu wolephera kawiri, wosakhoza kuyendera odwala: m'mudzi mwathu tikadamucha dzina lotani?

Koma kuseri kwa nyumba ya amonke kunali kadimba. Kuyambira 1856 kufikira 1863 Mendel anabzala nsawawa ngati 28,000, nakwatitsa maluwa ace ndi dzanja, limodzi-limodzi, namanga timatumba kuti tizirombo touluka tisasokoneze, nawerenga mbeu zonse. Anakwatitsa nsawawa zosalala ndi zamakwinya: ana onse anaturuka osalala, makwinya ngati atha. Atabzala anawo, pa zidzukulu makwinya anabweranso: zosalala 5,474, zamakwinya 1,850. Pa zacikasu ndi zobiriwira anapeza 6,022 ndi 2,001. Ponse ponse zitatu mbali iyi, imodzi mbali iyo. Potero anazindikira kuti mbeu iri yonse ilandira cizindikiro cimodzi kwa atate ndi cimodzi kwa mai, ndi kuti cina citha kubisala mbadwo wathunthu osatayika. Inu amene mudabwa poona mwana wofanana ndi agogo ace, osati atate ace, yankho linayambira m'dimba limenelo. Anawerenga zopeza zace pamaso pa anthu ophunzira a ku Brno mu February ndi March 1865, nazisindikiza mu 1866. Palibe anasamala. Anasankhidwa mkuru wa nyumbayo mu 1868, namwalira mu January 1884. Ndipo m'caka ca 1900 akatswiri atatu a zomera, de Vries, Correns ndi Tschermak, anapeza kuti cimene anali kufuna wansembe uja anacilemba kale zaka 34 zapitazo. Mbeu za cimanga za haibridi zimene mugula m'sitolo, opanga ace atsata malamulo omwewo.

Sitinena kuti mwana ali yense wokhala pakhonde adzakhala Thomas kapena Mendel. Ambiri adzakhala amisiri a matabwa, osoka, osunga mabuku a ndalama, alimi osamala, ndipo nkwabwino. Sitinenanso kuti mtima umenewu ulibe zirema zace. Ziripo, ndipo nzazikuru. Munthu wotere aganiza nthawi yocita itapita. Akuru anati zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo mvula siyembekeza munthu amene alikulingalirabe za mbeu yoti abzale. Ayamba nchito zambiri m'mutu, natsiriza zowerengeka ndi manja. Apeputsa anzace mumtima poyesa kuti saganiza, ndipo kunyada kobisika kumeneku nkoipa koposa kwa wodzitama pabwalo, cifukwa palibe akuona kuti amdzudzule. Akakwatira, mkazi wace atha kukhala naye zaka osamva mau amodzi oyamika ndiwo, ngakhale mwamunayo aziyamika mumtima tsiku ndi tsiku. Koma za mumtima mkazi sangazidye. Agogo aja akanena kuti kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu, anena zoona, ndipo mwanayo ayenera kuzimva. Moni apereke, kumaliro apite, kudambwe kapena kumsonkhano wa mudzi asathawe ndi kunena kuti ndinabadwa cotero.

Palinso cimene makolo ayenera kusiyanitsa. Mwana amene wakhala wacete cibadwire, koma adya bwino, agona bwino, akondwa ndi zace, ali ndi mnzace mmodzi kapena awiri, ameneyo ali bwino. Koma mwana amene anali wansangala, nakhala cete mwadzidzidzi, naleka kudya, naopa munthu wina wace kapena malo ena ace, ameneyo cimbvuta cinthu. Mfunseni mofatsa pa awiri, ndipo mupite naye kucipatala. Momwemonso mwana amene satembenuka mukamuitana cakumbuyo: kapena bvuto liri m'makutu.

Kwa mai wa kalata uja tinena izi. Ndodo siitha kufulumiza mau a mwana wotere; iwabweza m'kati. Mukamfunsa kanthu, mpatseni nthawi, nimupitirize kusinja, yankho lidzadza. Musamcititse manyazi pamaso pa alendo pomuyerekeza ndi mbale wace wolankhula. Mpatseni nchito yofuna maso ndi kudekha: awerenge matumba a cimanga, asankhe mbeu ya caka camawa, alembe tsiku limene mvula inayamba ndi limene nkhuku inayamba kufungatira. Akafunsa cifukwa cace ca cinthu ndipo inu simucidziwa, nenani kuti simucidziwa, nimumtumize kwa aphunzitsi. Za mbuzi zija, mlandu ngwace ndithu. Akapepese yekha kwa mwini munda, ndi pakamwa pace, ngakhale kudzamlemera koposa kulima ndime.

Koma za manong'onong'o a ufiti musazengereze nazo. M'dziko la Malawi lamulo la m'caka ca 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo wonenera mwana acimwa koposa, popeza mwana wacete sadziwa kudzikanira pabwalo. Akamzinga ndi mafunso angokhala cete, ndipo anthu ayesa kuti wabvomera. Atate ace ndi amalume ace apite kwa anyakwawa sabata yomwe ino, akachule poyera amene anayamba mauwo, kuti nkhaniyo ithere pabwalo isanafike kusukulu kumene mwanayo aphunzira.