Za Kuyesa Makhalidwe a Mwana

Inu makolo a ku Mitundu ndi Nathenje, mwana akavuta tifulumira kumutcha wamwano, koma mwanowo sitiuyesa monga tiyesa chimanga m'dengu. M'chaka cha 1968 aphunzitsi atatu a ku Kansas, Baer, Wolf ndi Risley, analemba kuti khalidwe lofunika kukonzedwa liyenera kuoneka ndi kuwerengeka.

Tsono chitani chotere. Mwana akamenya mng'ono wake, ponyani njere imodzi m'chikho, ndipo madzulo muwerenge. Akalira, onani ngati atonthola nsima isanapse. Mukamtuma kukatunga madzi ku Diamphwe, azengereza nthawi yotani asananyamule mtsuko? Werengani mlungu wathunthu musanayambe kumlangiza, kuti pambuyo pake muone ngati njerezo zichepa. Amayi ndi agogo awerenge m'zikho zosiyana, pakuti agogo akhululukira mdzukulu msanga.