Antchito a Sukulu Yopanda Belu

Pali sukulu zimene zilibe belu, mpanda kapena bwalo la mpira, koma zili ndi mphunzitsi wamkulu, kaundula, mayeso ndi ana zikwizikwi. Ndi sukulu za pa intaneti. Ambiri akamva za sukuluzi amaganiza kuti mwana amangokhala pansi n'kumaphunzitsidwa ndi makina. Ayi ndithu. Kuseri kwa laputopu kuli anthu okhetsa thukuta, ndipo nkhawa yawo ya tsiku ndi tsiku ndi imodzi: mwana amene sakumuona ndi maso, alipodi? Nanga ntchito watumizayo, walemba yekha?

Florida Virtual School ya ku America, yomwe inayamba mu 1997, ndi imodzi mwa sukulu zakale za mtunduwu. Boma la Florida limaipatsa ndalama potengera maphunziro amene ana amaliza n'kukhoza, osati pongowerenga mitu ya olembetsa. Ndondomeko imeneyi imamusowetsa tulo mphunzitsi. Mwana akangoti zii osatumiza ntchito, mphunzitsi sangangolemba kuti wajomba n'kupitiriza zina. Amatumiza uthenga, amaimba foni, amalankhula ndi makolo mpaka atamva chimene chavuta. Mwina kunyumba kwagwa zovuta, mwina mwanayo wakakamira pa samu imodzi ndipo akuchita manyazi kufunsa.

Pa sukulu yomweyi, mphunzitsi amacheza ndi wophunzira aliyense payekha pa foni n'kumufunsa mafunso apakamwa pa zimene waphunzira. "Tandiuza, yankho ili unalipeza bwanji?" Mwana amene anavutikira yekha amafotokoza, ngakhale mopunthwapunthwa. Amene anachita kulemberedwa amagwidwa chibwibwi pomwepo. Khutu la mphunzitsi limagwira ntchito imene m'kalasi wamba imagwiridwa ndi maso.

Mphunzitsiyo sali yekha. Alipo okonza maphunziro, amene amatenga silabasi n'kuiduladula m'tizigawo toti mwana atha kutsatira popanda womuimirira pambali. Alipo ojambula mavidiyo, ochonga, ndi akatswiri a makompyuta amene amadzutsidwa usiku makina akafa mawa lake kuli mayeso. Ku South Africa, UCT Online High School, yomwe University of Cape Town inatsegula mu Januwale 2022 mogwirizana ndi Valenture Institute, inaika alangizi apadera oyang'anira mmene mwana akuyendera ndi kumulimbitsa mtima akafooka. Mkulu wa sukulu yotere sayendera makalasi ndi ndodo m'manja. Amayang'ana kaundula wa pa kompyuta: ndani walowa lero, ndani watsalira, ndi mphunzitsi uti sanabweze ntchito za ana.

Okonza mipikisano ya ophunzira pa intaneti ndiye amasenza mtolo wolemera koposa, chifukwa mendulo ikangokayikiridwa imasanduka chitsulo wamba. Mu 2020, mpikisano wa masamu wa dziko lonse, International Mathematical Olympiad, unayenera kuchitikira ku St Petersburg m'dziko la Russia, koma Covid-19 inatseka maulendo. M'malo moufafaniza, anauchita mu Seputembala, ana a m'maiko oposa 100 akulembera kwawo. Mayeso ake sanasinthe: masiku awiri, mafunso atatu patsiku, maola anayi ndi theka. Dziko lililonse linali ndi malo olembera, woyang'anira wosakondera mbali, komanso makamera oti gulu la ku Russia liziona zonse zochitika m'chipindamo.

Vuto lalikulu linali dzuwa. Kwina kukamacha, kwina kumakhala kukuda, ndiye womaliza msanga akanatha kutumizira mnzake wa kutsidya kwa nyanja mafunso onse. Okonzawo anagwirizana kuti pasapezeke dziko lomaliza kulemba lina lisanayambe. Motero ana a ku New Zealand analemba usiku, a ku America analawirira m'mamawa. Kutseka mpata wa likasa kunafuna kuti anthu a m'maiko onsewo amvane pa wotchi imodzi.

Kwathu kuno mtolowu uli ndi mfundo zake. Sukulu zitatsekedwa ku Malawi mu Malichi 2020, ana ochuluka anafikiridwa ndi wailesi kusiyana ndi intaneti, pakuti bandulo ndi yodula, magetsi amathima, ndipo foni ya m'nyumba nthawi zambiri imakhala imodzi. Wokonza mpikisano pano ayenera kuyankhiratu mafunso ovuta. Netiweki ikaduka mwana ali pakati pa funso, amuwonjezera nthawi? Adziwa bwanji kuti sakunama? Akapanda kulingalira bwino, mphoto idzapita kwa mwana wa m'nyumba ya sola ndi Wi-Fi, wanzeru wa kumudzi n'kungotsala m'malere. Apo ndiye kuti wapikisanitsa matumba a makolo, osati nzeru za ana.

N'chifukwa chake aliyense wofuna kutsegula sukulu kapena mpikisano wa pa intaneti asathamangire kugula makompyuta okha. Ayambe wapeza anthu: woimba foni mwana akasowa, wochonga mwachilungamo, woyang'anira mayeso wosagulika. Awaphunzitse bwino, awalipire pa nthawi yake, ndipo asaunjikire mphunzitsi mmodzi ana ochuluka moti n'kulephera kuwadziwa maina.