Mwana wa ku Estates amene lero akulangiza za penshoni

Kale ku Kafue Estates, mwana wa mutu pa masamu ankadziwiratu kumene njira yake ikathere: pageti la Nitrogen Chemicals of Zambia kapena la Kafue Textiles. Akachita mwayi ankapata ukalaliki, n'kumalemba malipiro m'buku lachikuto chothetheka, bolopeni kukhutu. Mafakitale atayamba kutsimphina m'zaka za m'ma 1990, nazo nyumba za antchito ake zinafwifwa. Penti anasuluka, misewu inakumbika, azibambo n'kumaswera pakhonde.

Nanga penshoni yake! Zambia National Provident Fund, yomwe inayamba mu 1966, inkasunga ndalama za munthu n'kumupatsa zonse pakamodzi akapuma ntchito. Koma mu 1993 mokha mitengo ya zinthu inakwera kuposa kuwirikiza kawiri. Bambo amene anasenza matumba a feteleza moyo wake wonse ankabwera kunyumba ndi cheke, miyezi ingapo ndalama zija psiti. Zinasungidwa ndithu, koma zinkasungunuka ngati mchere pamvula.

Ndiye taonani lero. Bungwe la penshoni la NAPSA linayamba ntchito mu February 2000: wantchito amasonkha 5 kwacha pa 100 iliyonse ya malipiro, bwana 5 inanso, ndipo wopuma amalandira mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lotsikira kulichete. Lonjezo lotere silingaime popanda wina wowerengera kuti anthu akhala zaka zingati ndiponso kuti ndalama ziswana bwanji. Ameneyo ndiye actuary.

Tamuganizirani mwana wa ku Estates wa masiku ano, mtsikana tinene. Mbandakucha wakwera minibasi, makilomita pafupifupi 45 kukafika ku Lusaka, kukachita digiri ya ntchito imeneyi ku University of Zambia kapena University of Lusaka. Digiriyo ndi chiyambi chabe. Kutsogolo kuli mayeso a Institute and Faculty of Actuaries a ku UK kapena a Actuarial Society of South Africa, olemba uku ukugwira ntchito, zaka ndi zaka. Magetsi akathima amayatsa tochi ya foni. Pepala likamugwetsa amalira usiku umodzi, m'mawa n'kulembetsanso. Ntchito yake yoyamba ndi yotopetsa maso: kusesa mndandanda wa mamembala, masiku obadwa osokonekera, mayina olembedwa kawiri.

Kenako tsiku lalikulu limafika. Amalowa m'chipinda cha msonkhano, suti yositidwa bwino, kompyuta kukhwapa, ndipo patebulo pakhala akuluakulu oyang'anira thumba la penshoni la kampani, limene Pensions and Insurance Authority imalilondera. Amawaonetsa kuti ndalama zingati zikongozedwe ku boma, zingati zigule masheya pa Lusaka Securities Exchange yomwe inatsegulidwa mu 1994, zingati zimange nyumba za lendi, monga NAPSA inachitira ndi Levy Business Park. Chimene chimandikoma kwambiri n'chakuti sathamangira phindu lalikulu lokha. Amafunsa kaye kuti ndalamayi idzafunika liti, ndipo ndani adzaifune. Mu 2023 lamulo litalola mamembala a NAPSA kutapako 20 pa 100 ya zosonkha zawo asanapume, dziko lonse linaona kulemera kwa funso limeneli, pakuti sungapatse munthu njerwa za shopu pamene akufuna fizi ya mwana.

Ndipo madala aimvi aja, ena amsinkhu wa agogo ake, amawerama n'kumalemba zimene akunena, wina n'kukweza dzanja: "Pepani mayi, tabwerezaninso pamene paja."