Mphaka wa ku Persia

Lero tikambirane za mphaka wa ubweya wautali wotchedwa Persian, potengera dziko la Persia, limene masiku ano litchedwa Iran.

Mbiri imati amphaka a ubweya wautali anafika ku Italy cha m'ma 1620, atabwera nawo munthu wapaulendo dzina lake Pietro della Valle. Koma kutchuka kwao kunakula ku England, kumene m'chaka cha 1871 kunachitika chionetsero chachikulu cha amphaka pa Crystal Palace, mumzinda wa London. Kuyambira pamenepo oweta anayamba kusankha amphaka oti aberekane, ndipo maonekedwe a mtunduwu anasintha pang'onopang'ono.

Kodi mungamzindikire bwanji? Mutu wake ndi wobulungira, makutu ang'onoang'ono, maso aakulu, miyendo yaifupi ndi yojintcha, mchira wodzala ubweya. Mtima wake ndi wofatsa; sakonda kulumphalumpha, ndipo kulira kwake n'kwapansipansi.

Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ubweya umene umamkongoletsa ukapanda kupesedwa tsiku ndi tsiku umapotana, nukoka khungu, ndipo pansi pake pamabisala utitiri ndi zilonda. Podzinyambita amameza ubweya umene umaundana m'mimba kufikira kumsanzitsa.

Vuto loposa lili pankhope. Oweta ena, pofuna mphotho, anafupikitsa mphuno kufikira nkhope inaphwatalala. Mphaka wotere amapuma movutika, makamaka nyengo yotentha. Misozi imangotsika popeza njira zake n'zopindika, ndipo mano sakumana bwino. Palinso nthenda yotengera kwa makolo imene imameretsa timatumba tamadzi m'impso kufikira impsozo zitafooka. Kholo limodzi lokhala nayo lingapatsire pafupifupi theka la ana ake. Gwero la nthendayi linadziwika m'chaka cha 2004, ndipo tsopano mphaka angathe kupimidwa asanabereke.

Tsono inu amene mufuna kumweta, musakopeke ndi kukongola kokha. Sankhani wa mphuno yooneka bwino, funsani ngati makolo ake anapimidwa ndi dokotala wa ziweto, ndipo mudzifunse ngati mudzapeza mpata wa kumpesa tsiku lililonse. Ngati chimene mufuna ndi mlonda wa nkhokwe wothamangitsa makoswe, chona wamba wa m'mudzi amposa kutali.

Tsalani bwino.