Kumanga ndi Matabwa Pamodzi ndi Konkire

M'chaka cha 2018 Boma lidaletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu, poti mauvuni akutha mitengo. Komatu simenti nayo ili ndi mlandu wake: poipanga amaotcha miyala ya laimu, ndipo pamatuluka mpweya wambiri wotenthetsa dziko.

Nchifukwa chake amisiri ena amaphatikiza. Maziko amathira konkire, koma mizati ndi mitanda amaika ya matabwa, omwe amasunga mpweya umene mtengo udamwa ukukula. Ku Norway, nyumba ya nsanjika 18 yotchedwa Mjøstårnet idatha mu 2019. Ndi yamatabwa, koma m'nsanjika zapamwamba adayalamo konkire kuti isamagwedezeke ndi mphepo.

Paini wa ku Chongoni, pafupi nafe pano pa Chimbiya, angaithe ntchitoyi, malinga aume bwino, athiridwe mankhwala a chiswe, ndipo podulidwapo pabzalidwe wina.