Malamulo a Mfuti ndi Nkhani Yosankha Kokhala: Zimene Anthu a ku Kitwe ndi Ndola Ayenera Kudziwa

M'mizinda ya Kitwe ndi Ndola, m'cigawo ca Copperbelt, muli mabanja ambiri amene ana kapena abale ao anapita kukaphunzira ndi kukagwira nchito ku maiko akunja. Ena mwa iwo ali ku America, ndipo nkhani imodzi imene imadabwitsa makolo kuno kwathu ndi yakuti kumeneko anthu ena amasankha cigawo cokhalamo poyang'ana malamulo a mfuti. Wina amasamukira kumene amaloledwa kuyenda ndi mfuti m'ciuno, pamene wina amathawira kumene mfuti zimaletsedwa kwambiri.

Nkhaniyi yacititsa ena kufunsa ngati zimenezi zingacitikenso mu Zambia, ndiponso ngati munthu wosamuka ku Kitwe kupita ku Ndola, Lusaka kapena Chipata angapeze malamulo ena a mfuti kumeneko. Yankho lake ndi lakuti iyai. Koma zifukwa zake n'zofunika kuzimvetsa, pakuti kulakwitsa pa nkhani ya mfuti kumatsekeretsa munthu m'ndende.

Lamulo ndi limodzi m'dziko lonse

Dziko la Zambia lili ndi zigawo 10, koma nyumba ya malamulo ndi imodzi yokha, ya ku Manda Hill mu Lusaka. Zigawo zilibe mphamvu yopanga malamulo aoao okhudza zida. Lamulo loyang'anira mfuti, lochedwa Firearms Act, linakhazikitsidwa m'caka ca 1969 ndipo likupezeka pa mutu 110 wa malamulo a dziko lino. Zimene lamuloli linena kwa munthu wa ku Chimwemwe kapena Riverside mu Kitwe ndi zomwezo zimene linena kwa munthu wa ku Chifubu kapena Kansenshi mu Ndola.

Malinga ndi lamuloli, kukhala ndi mfuti si ufulu wobadwa nao, koma ndi cilolezo cimene boma lingapereke, kukana kapena kulanda. Wofuna mfuti ayenera kukhala ndi zaka zosacepera 21. Amayamba kupempha kwa apolisi, amene amafufuza mbiri yake ndi cifukwa cimene akufunira mfutiyo, komanso ngati akudziwa kuigwiritsa nchito bwino. Apolisi akakhutira amapereka cikalata, ndipo ndi cikalataco munthu amakatenga laisensi ku khonsolo ya kumene akhala. Laisensiyo imagwira nchito zaka zitatu, kenaka ifunika kuikonzanso. Mfuti iliyonse yololedwa imalembedwa m'kaundula wamkulu wa mfuti amene ali m'manja mwa apolisi mu Lusaka.

Laisensi ndi ya munthu mmodzi ndi mfuti yake. Siibwerekedwa, ndipo siilowedwa ngati cuma ca masiye. Mwini mfuti akamwalira, a m'banja sayenera kungoibisa pansi pa bedi kapena kuipatsa mwana wamkulu, koma kukaipereka kwa apolisi kufikira wolandira atapeza cilolezo cakecake. Mfuti ikatayika kapena kubedwa, mwini wake ayenera kukanena msanga. Mfuti za nkhondo, monga AK-47, siziloledwa kwa anthu wamba. Laisensi ya mfuti sicilolezonso cosakira nyama, pakuti cimeneco cimaperekedwa padera ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakuchire, motsatira lamulo la m'caka ca 2015.

Cifukwa cake ku America n'kosiyana

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo ciliconse cili ndi boma lake ndi nyumba yake ya malamulo. Kuonjezera apo, ndime yaciwiri mwa ndime zimene zinaonjezedwa ku malamulo oyendetsera dzikolo m'caka ca 1791 imateteza ufulu wosunga ndi kunyamula zida. M'caka ca 2008 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula kuti ufuluwu ndi wa munthu aliyense payekha, ndipo mu June 2022, pa mlandu wocokera ku New York, linagamulanso kuti ufuluwu umafika ndi kunja kwa nyumba.

Ngakhale zili tero, zigawo zimasiyanabe kwambiri. Pofika m'caka ca 2024, zigawo 29 zinali zitalola anthu oyenerera kuyenda ndi mfuti popanda cilolezo capadera. Cigawo ca Alaska cinatero mu 2003, Arizona mu 2010, Texas mu 2021, Georgia mu 2022 ndipo Florida mu 2023. Koma m'zigawo monga New York, New Jersey ndi California munthu afunika cilolezo, ndipo zigawozi sizivomereza zilolezo zoperekedwa kwina. Motero munthu amene wanyamuka ku Texas ndi mfuti yololedwa angathe kumangidwa akangofika nayo mu New York.

Pali mfundo ina imene imakhudza kwambiri anthu a mu Zambia okhala kumeneko. Lamulo la boma lalikulu la America limaletsa alendo amene analowa ndi ziphaso za kanthawi, monga ana a sukulu ndi odzaceza, kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zocepa monga kukhala ndi cilolezo cosakira nyama. Lamuloli limagwira nchito m'zigawo zonse, ngakhale zija zimene zili ndi malamulo ofewa. Mwana wa ku Ndola amene akuphunzira ku Dallas kapena Atlanta sangadalire zimene anzake a kumeneko amacita. Akalakwira lamuloli angathe kumangidwa, kenaka n'kubwezedwa kwao maphunziro asanathe.

Ziwerengero za bungwe loona za matenda la boma la America zikuonetsa kuti m'caka ca 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti m'dzikolo, ndipo oposa theka la iwo anadzipha okha. Poyerekeza ndi kuculuka kwa anthu, imfa zotere n'zambiri m'zigawo monga Mississippi ndi Louisiana, pamene n'zocepa ku Massachusetts, Hawaii ndi New Jersey, kumene malamulo ndi okhwima. Akatswiri amatsutsanabe pa kukula kwa mbali imene malamulo amatengapo poyerekeza ndi umphawi ndi zifukwa zina, koma ziwerengerozi sizionetsa kuti kumene mfuti n'zosavuta kupeza ndiko kumene anthu amagona tulo tabwino.

Maiko ena kumene anthu athu amapita

Ku South Africa, kumene anthu ambiri a pa Copperbelt amapita pa malonda ndi nchito, lamulo la mfuti la m'caka ca 2000 linayamba kugwira nchito mokwanira mu July 2004. Limafuna kuti munthu akhale nzika kapena wololedwa kukhala m'dzikomo kwamuyaya, akhale ndi zaka 21, ndipo apambane mayeso a kagwiritsidwe nchito ka mfuti. Laisensi ya mfuti yodzitetezera imatha pa zaka zisanu. Ku Britain, kumene kuli anamwino ndi madokotala ambiri ocokera kuno, mfuti zazing'ono za m'manja zinaletsedwa kwa anthu wamba mu 1997, pambuyo pa kuphedwa kwa ana a sukulu ku Dunblane mu 1996.

Kwa anthu a pa Copperbelt, malire amene amasinthadi lamulo si a pakati pa Kitwe ndi Ndola, koma a Kasumbalesa pafupi ndi Chililabombwe, Mokambo pafupi ndi Mufulira ndi Sakania pafupi ndi Ndola. Laisensi ya mu Zambia imathera pa cipata. Woyendetsa galimoto ya katundu kapena wamalonda amene waoloka ndi mfuti kulowa mu Congo popanda zilolezo za maiko onse awiri walakwira malamulo a mbali zonse. Zimenezi zikhudzanso oyenda pa msewu wa Pedicle popita ku Luapula, pakuti msewuwo umadutsa m'dziko la Congo.

Nkhawa ya citetezo pa Copperbelt

Nkhawa imene imacititsa anthu kuganiza za mfuti si yacabe. Nkhondo za mu Congo za pakati pa 1996 ndi 2003 zinamwaza zida m'dera lino, ndipo zina zinagwera m'manja mwa acifwamba. Pa nthawi yomweyo migodi ya ZCCM inali kugulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000, ndipo anthu ambiri anacotsedwa nchito. Pofuna kuthana ndi vutoli, maiko a m'bungwe la SADC anasainirana pangano loletsa kufala kwa mfuti mu Blantyre mu August 2001, ndipo apolisi mu Zambia akhala akupereka nthawi za cikhululukiro kwa obweza mfuti zosaloledwa. M'caka ca 2016 dziko lino linavomerezanso pangano la United Nations loyang'anira malonda a zida.

Lamulo la milandu ndi lokhwima kwa akuba okhala ndi zida. Ndime 294 ya lamuloli imapereka zaka zosacepera 15 m'ndende pa mlandu wakuba moopseza. Kale wakuba ndi mfuti anali kuweruzidwa kuti anyongedwe, koma mu December 2022 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, anasaina lamulo locotsa cilango ca imfa, ndipo tsopano cilango cacikulu ndi kukhala m'ndende moyo wonse.

Koma nayenso mwini mfuti yololedwa ali pansi pa lamulo. Ndime 17 ya lamulo lomwelo imalola munthu kudziteteza iye mwini, katundu wake kapena munthu wina, pokhapokha mphamvu imene wagwiritsa nchito isapose imene inali yofunika pa nthawiyo. Kuombera wakuba amene wayamba kale kuthawa, kapena kutulutsa mfuti pa mkangano wa ku mowa kapena wa pa msewu, kungacititse munthu kuimbidwa mlandu waukulu, ngakhale wakupha. Laisensi imalola kusunga mfuti, siilola kupha. Paja akulu anati walira mvula walira matope: wobweretsa mfuti m'nyumba wabweretsanso udindo woikhomera kutali ndi ana, ndi ngozi yakuti ingagwire nchito pa tsiku la mkwiyo.

Zimene munthu angasankhe

Cotero banja limene likuganiza zosamuka pa cifukwa ca citetezo silingapindule kanthu pofunafuna mzinda wa malamulo ofewa, pakuti mzinda wotere mulibe mu Zambia. Zimene zimasiyanitsa Parklands ndi Wusakile, kapena Itawa ndi Chipulukusu, ndi zina: kutalika kwa mtunda wopita ku polisi, magetsi a m'misewu, ubwino wa misewu imene galimoto ya apolisi ingadutsemo usiku, ndi mgwirizano wa anthu oyandikana polondera komboni yao pamodzi ndi apolisi.

Amene ali kale ndi mfuti yololedwa ndipo akusamuka acita bwino kudziwitsa apolisi za malo ao atsopano ndi kuonetsetsa kuti laisensi siinathe. Ndipo makolo amene ana ao ali ku maiko akunja angawakumbutse kuti asanakhudze mfuti, ngakhale ya mnzao, ayambe afunsa zimene lamulo la dzikolo linena kwa mlendo.