Wi-Fi yathu inasanduka mjigo wa aliyense kwa Chinsapo

Bandulo yomwe tinasonkherana anthu anayi kuti itifikitse kumapeto kwa mwezi inatha sabata yachiwiri isanakwane. Tinayamba kulozana zala. Achimwene ankati ndi TikTok yanga, ine ndinkati ndi mpira wawo wa usiku. Chibale chinatsala pang'ono kusokonekera kaamba ka deta.

Nkhani yake ili motere. Rauta ili m'nyumba mwanga kuno kwa Chinsapo, pomwe shopu yometera ya achimwene ili kumsewu, komwe netiweki sinkafika. Tinagula kachipangizo kachiwiri kotchedwa wireless bridge. Ntchito yake ndi ya mlatho basi: kulandira netiweki ya rauta n'kuiwolotsera kushopu. Vuto la mlatho n'lakuti sufunsa dzina. Aliyense wodziwa pasiwedi amangowoloka.

Kusintha pasiwedi kunangothandiza masiku ochepa. Kuyambira pa Android 10, foni yolumikizidwa kale imatha kuonetsa QR code, mnzako n'kujambula, walowa. Kasitomala mmodzi akapempha "kakang'ono ka WhatsApp", mawa lake anyamata onse apabawo ali pa intaneti yathu.

Apa m'pomwe ndinaphunzira za MAC filtering. Foni iliyonse ikamalowa pa Wi-Fi imadzitchula ndi nambala ya zilembo 12, zosakaniza 0 mpaka 9 ndi A mpaka F. Mumasetin'gi muli ndandanda ziwiri: ya oletsedwa ndi ya ololedwa. Sankhani ya ololedwa, chifukwa alendo simungawatchule onse, koma anthu anu mumawadziwa.

Ine ndinalakwitsa poyamba: ndinaika sefayo pa rauta ya kunyumba. Sinagwire aliyense wa kushopu. Milatho yambiri yotchipa imabisa mafoni omwe ali kumbuyo kwake, moti rauta imangoona nambala imodzi, ya mlathowo. Ukaulola, walola onse. Ukauletsa, shopu yonse yazima. Mlonda amafunika pachipata chomwe anthu akulowera, ndiye kuti pa kachipangizo ka kushopu komweko. Ndipo lembani kaye foni yanu musanadine Save, apo ayi mudzitsekera nokha panja. Zinandichitikira, mpaka ndinachita kufufuta masetin'gi onse n'kuyambiranso.

Msampha wina ndi uwu: mafoni a masiku ano, kuyambira Android 10 ndi iOS 14, amapeka nambala yongobisalira pa netiweki iliyonse. Nambala ya alamu anga itasintha, anabwera atakwiya: "Alamu, mwandichotsa chifukwa ndinachedwa kusonkha?" Mankhwala ake n'kusankha Use device MAC pa Android, kapena kuzimitsa Private Wi-Fi Address pa iPhone, koma pa netiweki ya pakhomo yokha. Kwina konse isiyeni, imakutetezani kuti asamakulondoleni.

Ndisakunamizeni, sefayi si mpanda wa njerwa. Wodziwa makompyuta angathe kukopera nambala ya foni yololedwa. Choncho WPA2 kapena WPA3 ikhalebe yoyaka, WPS muzimitse, ndipo pasiwedi ya admin yomwe inabwera ndi rauta muisinthe lero lomwe.

Mwezi uno bandulo yafika pa 30. Anyamata apabawo sakundiyankha bwino moni, koma achimwene ayambiranso kundimeta ulere.